Du Chisiza ndi Masiku Olankhula Mophiphiritsa

Aliyense wochoka ku Zomba kulowera ku Blantyre ayenera kuoloka mlatho wa Thondwe, ndipo ngakhale ana a lero amangopadziwa ngati pamsika wa ndiwo zamasamba, ife a imvi timakumbukira kuti mpomwepo pamene, mu Seputembala 1962, Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, adapezeka atafa pangozi ya galimoto, imfa imene anthu adainong'ona zaka makumi atatu osaitchula mokweza. Mayi wa kunyumba kwake adatsala ali woyembekezera, ndipo mu Malichi 1963 kudabadwa mwana wamwamuna amene adalowa dzina la atate ake, ndiye Du Chisiza wathu wa zisudzo. Asanakwanitse zaka zisanu, atate ake aakulu, a Yatuta, nawonso adaphedwa ndi asilikali a boma mu 1967, atalowa m'dziko ndi mfuti.

Munthu wobadwira m'maliro otere, akati achite sewero la kupha ndi kuweruza, sasowa kokabwereka misozi. Du adayamba zisudzo ali mwana wa sukulu ku HHI. Ndipo atabwerako ku America kumene adakazama pa ntchitoyi, adakhazikitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, nalimba mtima kunena kuti zisudzo nzodyera ngati khasu, pamene makolo ambiri ankaziyesa masewera a ana osalangika.

Komatu chaka chomwecho mphunzitsi wa pa Chancellor College, a Jack Mapanje, adatengedwa kupita kundende ya Mikuyu, kumene adakakhala kufikira 1991. Lamulo la 1968 lidapatsa bungwe la boma mphamvu yowerenga sewero lililonse lisanaonetsedwe, ndipo wochita sewero ankadziwa bwino mawu a makolo akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Chotero mlandu weniweni sunkatchulidwa. Ankauveka chovala cha nkhani ya pabanja, monga m'sewero la Du la Papa's Empire, momwe nkhalamba youmirira chuma idali nkhalamba chabe kwa wolemba malipoti, koma kwa ife okhala m'holo idali munthu wina amene chithunzi chake chidapachikidwa m'sitolo iliyonse. Tinkaseka pang'ono, kenaka nkucheuka kuti tione amene wakhala kumbuyo. Potuluka, mphepo yozizira ikutsika kuphiri, munthu sunkafunsa mnzako kuti wamvapo chiyani. Wa makutu akumva adali atamva.

Kuti Du yemweyo adadzalandira unduna m'boma la a Kamuzu mu 1993, dzuwa la ufumuwo likulowa, ndi nkhani imene idatigawa pakati, ndipo kufikira lero sindiimvetsa ndi mtima woyera. Du adamwalira mu Febuluwale 1999, asanakwanitse zaka 36, patangotsala masabata ochepa kuti wailesi ya kanema ya dziko lino iyambe kuulutsa.

Lero zinthu zidatembenuka. Mu 2008 a Shemu Joyah adatulutsa filimu ya Seasons of a Life, mmene Flora Suya adakhala mtsikana wantchito wolakwiridwa ndi bwana wake, amene pambuyo pake adakalimbana naye m'bwalo la milandu. Mu 2017 adabweretsa The Road to Sunrise, yonena za amayi oyendayenda a ku Blantyre ndi nkhanza zimene amakumana nazo. Wapolisi wakatangale, ndende, nduna yakuba, zonse zikuonekera poyera, ndipo mdzukulu wanga amaziona pafoni ali chigonere pamkeka, osaopa munthu.

Sindilira masiku a mantha aja, Mulungu atiteteze. Chimene ndiona kuti chidachepa ndi luso la kunena chinthu osachitchula, limene lidali kufuna kuti wochita sewero alankhule ndi nsidze, ndi kukhosomola, ndi kukhala chete pamalo poyenera mawu. Anyamata ambiri a m'mafilimu atsopanowa amakuwa, naloza mfuti, nalira mokweza, pakuti palibe chimene ayenera kubisa. Ndipo ndikawauza kuti Du ankatha kutokosa boma lonse pongotembenuza khosi, amandipempha kanema wake kuti adzionere okha, ine nkukhala wopanda chowapatsa.