Magetsi Akafooka

Kuno ku Eindhoven magetsi sagwedezeka. Mu Disembala dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndipo ndikamapalasa njinga pochoka ku High Tech Campus, nyali za mumsewu zimangowala mofanana, osaphethira. Anzanga a kuntchito anakulira m'magetsi otere. Ine ndinakulira ku Bangwe.

Kuntchitoko timapanga kadera kakang'ono ka m'kati mwa chip kotchedwa reset. Mukaika batire m'chipangizo, mphamvu siifika yonse nthawi imodzi, imachita kukwera. Chip ikayamba kuwerenga malangizo mphamvu isanakwanire, imasokonezeka, ndipo ikhoza kulemba zolakwika pamene imasunga zinthu. Ndiye reset imaigwira kaye mpaka mphamvu idutse malire, tinene ma volti 1.8, n'kudikiranso pang'ono isanaimasule. Palinso brown-out reset, yoimitsa chip mphamvu ikatsika ntchito ili m'kati.

Chovuta n'chakuti kaderaka ndi mlonda, ndipo mlonda sagona: kamadya batire usana ndi usiku, ngakhale chip yonse itagona. Kabatire kozungulira ka CR2032 kamasunga pafupifupi 220 mAh. Kadera kodya ma microamp 10 kangakamalize kokha zisanathe zaka 3. N'chifukwa chake timalimbirana ma nanoamp. Mwachitsanzo, reset yotchedwa TPS3839 ya Texas Instruments imadya ma nanoamp pafupifupi 150 basi. Choyezera chathu nthawi zambiri ndi bandgap, imene Robert Widlar anaifotokoza mu 1971, yotulutsa ma volti pafupifupi 1.2 kaya kukutentha kaya kukuzizira. Koma nayonso imafuna kudya, choncho ena amati tiziidzutsa mwa apo ndi apo kuti iyeze n'kugonanso.

Apa ndi pamene mtima umandithawira kwathu. Kuseri kwa nyumba yathu kunali bambo wina wowotcherera mageti ndi mbaula. Akangogunditsa ndodo pachitsulo, babu la pabalaza linkafiira, wailesi n'kuyamba kulankhula mokokera, fuliji n'kumabuula. Amayi ankafuula ali kukhitchini kuti, "Zulani fuliji msanga, ipsa!" Ndimalimva liwu limenelo mpaka lero ndikayang'ana mzere wa mphamvu ukutsika pa kompyuta. Kwathu magetsi sankangothima. Ankafooka, n'kubwera theka, n'kufookanso.

Mphamvu yotereyi ndi imene imagonjetsa reset yotchipa ya resistor ndi capacitor. Magetsi akangotsika kanthawi kochepa, capacitor imakhala isanatsanule zonse, ndiye akabwerera chip siiuzidwa kuti iyambirenso, imangouma. Pa chifukwa chimenechi sindivomera kuti tiyese kadera kathu ndi mphamvu yokwera bwinobwino yokha. Ndimaikamo yokwera mwaulesi kwa masekondi ambiri, ndi ina yomangovinavina pamalire penipeni. Ndimalimbikiranso kuti malire omasulira chip akhale pamwamba pa malire oimitsira, mpata umene timautcha hysteresis, kuti chipangizo chisamangoyaka n'kuthima. Ngati zimenezi zikutanthauza ma nanoamp ena owonjezera, ine ndimati tilipire.

Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lathu linataya ma megawati pafupifupi 130, ndipo amayi anagula nyali ya sola yotchajiranso foni. M'miyezi ya chiperoni, mitambo ikakuta phiri la Bangwe masiku otsatizana, batire lake silidzaza. Usiku limatsika pang'onopang'ono, ndendende mmene ndimayesera muno mu labu yofunda. Ndikawaimbira amandiuza za maliro a kutchalitchi, za mtengo wa ufa, za mapeyala amene abereka pakhomo, kenako amati, "Mwanawe, foni ikutha moto," n'kudula ndisanakhute mawu awo.

Ndikufuna ndikaione ndekha nyali imeneyo, ndikaitsegule pakhonde ndi kuyeza pamene chip yake imaimira. Ndikudziwa kale kuti amayi adzandiletsa, adzati ndiyambe ndadya nsima ndisanawaonongere katundu.