Nsenjere za ku Bvumbwe

Amene anayendapo pa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo adziwa kuti pa Bvumbwe m'mamawa pamadutsa njinga zambiri zonyamula zigubu za mkaka. Mwezi wa February ndinatsika basi pamenepo, ndi kulowa m'midzi kuti ndikaone kumene mkakawo uchokera.

Dziko lake n'lozizira, la zitunda, nthaka yake yakatondo. Anthu ndi ambiri, minda ndi yaing'ono, kotero ng'ombe za mkaka sizipita kubusa. Zikhala m'khola, ndipo mwini ndiye azimwetera udzu. Udzu wake ndi nsenjere, zobzalidwa m'milambala ndi m'malire a minda.

Pa khomo loyamba bambo wina anandionetsa nsenjere zake monyadira, zotalika kuposa denga, zolimba ngati bango. Koma m'khola mapesi anali mbwee pansi. Ng'ombe inangobudula nsonga zokha, ndipo nthiti zake zinali kuoneka. Bamboyo anati akusungira chilimwe. Nkhawa yake njoona, pakuti kuyambira June mpaka mvula itagwa msipu umasowa ndithu, koma mkaka unali utayamba kale kuchepa pakati pa dzinja.

Kuseri kwa nyumba yomweyo ndinapeza mayi ali ndi chikwakwa, akumweta nsenjere zongofika m'chiuno.

"Zikomo Mayi, bwanji mukudula udzu usanakule?"

"Wakula kale uwu, Bambo. Ndikausiya mwezi wina, ng'ombe yanga idzaukana."

Mayiwo sanalakwe. Chakudya chimene chipanga mkaka chili m'masamba anthete. Nsenjere zikakalamba, phesi lichuluka, ng'ombe itafuna tsiku lonse osapindula kanthu. Alangizi anena kuti nthawi ya mvula tizimweta pakapita masabata 6 kufikira 8, udzu utatalika ngati mita imodzi, ndi kusiya chitsa chotalika ngati chikhatho kuti chiphukenso. Kufulumira kwambiri nakonso n'koipa: udzu wanthete zedi ndi madzi okhaokha, ndipo chitsa chimafooka.

Chimene ndinachita nacho chidwi n'chakuti mayiwo atatha kumweta anatuta ndowe za m'khola ndi kuzikwirira pakati pa mizere. Nsenjere zimadya nthaka koposa. Mukamangodula osabwezera, masamba asanduka achikasu. Amene ali ndi ndalama athira feteleza wa CAN kapena Urea atangomweta, nthaka ili yonyowa. Mayiwo adalira khola lawo, ndipo nsenjere zawo zinali zobiriwira bii.

Nanga chilimwe? Anandilozera dzenje pafupi ndi khola. M'menemo adzaduladula nsenjere zotsala, zitafota pang'ono, kuzipondereza zolimba ndi kuzivundikira ndi pulasitiki ndi dothi kuti mpweya usalowe. Adzafukula mu August.

Pobwerera ku basi ndinaona bambo uja ataima m'malire, akuyang'ana m'dzenjemo.