Kodi Mphaka Wathu Tizimusiya Aziyenda M'mene Afunira?

Sabata ino tisinkhesinkhe za kanyama kamene ambiri a ife timakhala nako m'nyumba koma sitikaganizira kawirikawiri, ndiko mphaka. Ena adzafunsa kuti nkhani ya mphaka ikukhudzana bwanji ndi chikhulupiriro. Yankho lili m'buku la Genesis, mutu 2, m'mene timamva kuti Mulungu adaika munthu m'munda kuti aziulima ndi kuusamala. Udindo umenewu sudathere m'munda wa Edeni. Tili nawobe lero, ndipo umafika ngakhale pa chiweto chimene chimagona pafupi ndi mafuwa.

M'maiko ena nkhaniyi yafika pokhala mkangano waukulu. Mu 2013 akatswiri a ku America adawerengera kuti amphaka amapha mbalame zapakati pa 1.3 ndi 4 biliyoni chaka chilichonse m'dziko lawo lokha, ndipo zambiri mwa izo zimaphedwa ndi amphaka opanda mwini. Mumzinda wa Canberra, ku Australia, lamulo limati mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 azisungidwa pakhomo pa mwini wake usana ndi usiku. Kumbali ina kuli anthu, monga ambiri a ku Britain, amene amati kutsekera mphaka m'nyumba ndi nkhanza, chifukwa chibadwa chake ndi kuyenda, kukwera mitengo ndi kusaka.

Chitsanzo chimene chimatiphunzitsa kwambiri ndi cha chilumba cha Marion, chimene chili m'manja mwa dziko la South Africa, kutali m'nyanja ya mchere ya kumwera. Mu 1949 anthu ogwira ntchito yoona zanyengo adapititsako amphaka 5 kuti athane ndi mbewa za m'nyumba zawo. Cholinga chinali chabwino ndithu. Koma amphakawo adaswana, nalowa m'tchire, ndipo pofika 1977 analipo pafupifupi 3,400. Iwo adapeza kuti mbalame za m'nyanja zoikira mazira m'mauna n'zosavuta kugwira kuposa mbewa, ndipo ankapha mbalame zoposa 400,000 pa chaka. Padatenga zaka zambiri za ntchito yowawa kuti amphakawo atheretu mu 1991. Mbewa zija zidatsala, ndipo zidayamba kudya anapiye a mbalame zikuluzikulu za pachilumbapo ali amoyo. Mphaka sadachimwe, pakuti adachita zimene chibadwa chake chidamuuza. Mlandu uli pa munthu amene adamubweretsa, kenaka n'kumuiwala.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Mphaka wa m'mudzi ndi wantchito, amene amateteza nkhokwe ndi matumba a chimanga kwa makoswe. Banja limene lakolola zochepa limadziwa kufunika kwake. Choncho sitinganene kuti aliyense atsatire lamulo la ku Canberra. Komabe tidzifunse moona mtima: pamene tikuti tapatsa mphaka ufulu, kodi si kuti tangomutaya? Kawirikawiri sitimupatsa chakudya poganiza kuti njala ndiyo idzamuchititse khama, ndipo iye amapita kukagwira anapiye a mnansi, abuluzi ndi timbalame ta m'zisa. Akaswa, ana ake timawaika m'thumba n'kukawasiya kudambo. Akafika pakhomo pa ena usiku, amaponyedwa miyala pomuganizira kuti watumidwa ndi mfiti, ndipo mabanja amadana chifukwa cha nyama yosalakwa. Mkhristu sayenera kutenga nawo mbali pa nkhanza ndi miseche yotere.

Eklezia ali ndi mawu pa zimenezi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, ndime 2415 mpaka 2418, amaika nkhani ya kulemekeza zolengedwa pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba. Amatiphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo, kuti n'kololedwa kuziweta ndi kuzigwiritsa ntchito, koma kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsutsana ndi ulemerero wa munthu. Amatichenjezanso kuti tisawonongere nyama chuma chimene chikadathandiza anthu ovutika. M'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, Papa Francis adatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu. Ngati ndi choncho, mphaka ndi wa Mulungu, ndipo kambalame kamene ali nako m'kamwa nakonso n'ka Mulungu. Sitingakonde mmodzi n'kuiwala mnzake.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, timudyetse mphaka wathu tsiku lililonse, kuti njala isamutengere kutali ndi kwawo. Chachiwiri, dzuwa likalowa timulowetse m'nyumba, m'khitchini kapena m'chipinda chosungiramo chimanga, kumene kuli makoswe enieniwo. Potero agwira ntchito yake, apewa agalu, magalimoto ndi miyala, ndipo zisa za mbalame zipuma m'bandakucha. Chachitatu, tipite naye ku katemera wa chiwewe. Ngakhale matendawa amafika kwa anthu makamaka kudzera mwa agalu, mphaka woyendayenda angathe kuwatenga ndi kupatsira mwana pomuluma. Chachinayi, tifunse alangizi a ziweto za njira yoletsa kuti asamangoswana. Ndipo ngati sitingathe kuchita zimenezi, ndi bwino kusaweta kusiyana ndi kuweta n'kutaya.

Achinyamata anzathu, phunziroli likupitirira mphaka. Ufulu wopanda woyang'anira nthawi zambiri umakhala dzina lokoma la kunyalanyaza. Amene aphunzira kusamala kanyama kamene sikangamuthokoze, akudzikonzekeretsa kusamala mng'ono wake, agogo ake, ndi banja limene Mulungu adzam'patse.

Pa 4 Okutobala timakumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, amene Papa John Paul II adamusankha mu 1979 kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe. Pa msonkhano wa mphakati sabata ino, tifunsane: ndi cholengedwa chiti chimene Mulungu adaika m'manja mwathu, chimene madzulo ano sitikudziwa kumene chili?

Ambuye, Mlengi wa zazikulu ndi zazing'ono, tipatseni mtima wosamala zonse zimene mwatisungitsa. Amen.