Disiki ikasowa pa sikirini, sikuti yafa

Ndilankhulepo za mawu atatu omwe akudya ndalama za makolo ambiri masiku ano. Mawuwa ndi akuti "disiki yanu yafa." Akumveka kwambiri m'timashopu tokonza makompyuta kuchokera pomwe chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025, chifukwa anthu ambiri akuthamangira kukaikitsa Windows 11.

Zimachitika motere. Mmisiri amasomeka fulashi yoikira Windows, n'kudina apa ndi apo mpaka kufika patsamba lomwe limafunsa kuti Windows iikidwe pati. Pamenepo payenera kuoneka dzina la disiki ndi kukula kwake. Koma bokosi limakhala pululu, ndipo m'munsi mwake mumalembedwa m'Chingerezi kuti palibe disiki yomwe yapezeka. Mmisiri uja amapukusa mutu ngati dokotala wotuluka m'chipinda cha odwala, kenaka amatchula mtengo wa disiki yatsopano.

Ine ndimaphunzitsa zamakompyuta pasukulu ina ya sekondale, ndipo aphunzitsi anzanga, achibale ndi akumpingo amandibweretsera makina awo akasowa mtengo wogwira. Mwa malaputopu omwe adafika pakhomo panga atagamulidwa kale kuti disiki yafa, ambiri disiki yawo idali yamoyo, mafayilo onse ali m'malo.

Nkhani yake ndi yakuti pulogalamu yoikira Windows siyankhula ndi disiki mwachindunji. Pakati pawo pali kachipangizo koyendetsa disikiyo, ndipo kuti Windows imvane nako pamafunika kapulogalamu kena komwe amisiri amati driver. Ine ndimauza ana asukulu kuti driver ndi womasulira. Mlendo akafika pabwalo la mfumu popanda womasulira, angathe kubwerera kwawo n'kukanena kuti kumudziko sadamuyankhe, chonsecho mfumu idalipo, nduna zidalipo, chilankhulo ndicho chidasiyana. Fulashi ikapanda kukhala ndi womasulira woyenera, imanena kuti disiki palibe, pomwe disikiyo ili phee m'malo mwake.

Vutoli ndi lakale. Amene tidayamba kugwira makompyuta nthawi ya Windows XP timalikumbukira bwino. XP idatuluka mu 2001, pomwe madisiki a mtundu wa SATA adayamba kufala cha mu 2003, kotero CD yoikira XP siyinkawadziwa akakhala kuti akuyendetsedwa mwa njira ya AHCI. Poyambirira penipeni pankabwera uthenga woti udine F6 ngati uli ndi driver, ndipo driver ameneyo ankayenera kukhala pa floppy, timadisiki takale tija tamakona anayi. Tsoka lake, malaputopu a nthawi imeneyo adali atayamba kale kubwera opanda polowetsa floppy. Ambiri tinkangolowa mu BIOS n'kusintha kuchoka pa AHCI kupita pa IDE, basi disiki n'kutulukira. Windows 7 ya mu 2009 nayo idadzakumana ndi zomwezo pomwe kudabwera USB 3.0 ndi madisiki a NVMe, zomwe idabadwa isakuzidziwa.

Lero dzina lomwe muyenera kulisunga ndi VMD. Malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11, yomwe idayamba kutuluka mu 2020, komanso ya mibadwo yotsatira, amabwera VMD ili yoyatsa. Ikakhala choncho disiki imabisala kuseri kwake, ndipo fulashi wamba yoikira Windows nthawi zambiri siyiiona pokhapokha mutaipatsa driver wotchedwa Intel Rapid Storage Technology, mwachidule RST. Palibe chawonongeka pamenepo. Ndipo awa ndiwo malaputopu omwe tsopano adzaza pamsika wa makina ogwiritsidwapo kale ntchito, amene abale athu akutumiza kuchokera ku Johannesburg ndi ku Britain.

Mwana wa mlongo wanga ali chaka chomaliza kusukulu ya ukachenjede. Laputopu yake batire idatha kalekale, ndiye tsiku lina magetsi adathima makinawo ali mkati mokonzanso Windows, ndipo kuchokera pamenepo sidadzukenso. M'menemo mudali kafukufuku wake wa miyezi isanu ndi iwiri: mayankho a alimi omwe adawayendera wapansi m'midzi, ndi mitu inayi yolembalemba. Adapita nayo kwa mmisiri wina m'tauni. Madzulo adandiimbira mawu akunjenjemera.

"Amalume, akuti disiki yapsa. Akuti ndigule ina, yakaleyo nditha kuwasiyira poti ilibenso ntchito."

"Aitsegula kale laputopuyo?"

"Ayi, angoonera pa sikirini."

"Usalipire kanthu mwanawe. Uwathokoze bwinobwino, uinyamule ubwere nayo kuno."

Ndalama yomwe adamutchulira idali yoposa lendi ya mwezi ya mayi ake. Koma chomwe chinkamuliza si ndalamayo.

Chinthu choyamba chomwe ndidachita ndi kulowa mu BIOS, komwe kompyuta imaonetsa ziwalo zake Windows isanayambe n'komwe. Mumalowamo podina batani lina makina akangoyaka: F2 pa malaputopu ambiri, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Disiki idalembedwa pamenepo, dzina lake ndi kukula kwake. Pa makina ena VMD ikakhala yoyatsa disiki imalembedwa patsamba la RST m'malo mwa pamndandanda wamba, choncho muziyenda masamba onse musanataye mtima. Disiki yomwe BIOS ikuitchula dzina ndi yolumikizidwa ndipo ikuyankha.

Sindidathamangire kuika Windows. Ndidayamba ndayatsa laputopuyo ndi fulashi ya Ubuntu, yomwe imalola kuti muigwiritse ntchito osaiika pa disiki. Mafoda ake adaoneka onse. Tidakopera kafukufuku uja pa fulashi ziwiri, ina n'kumuuza kuti aisunge m'chikwama chosiyana ndi cha laputopu. Atatsegula mutu wachinayi n'kuona kuti ndime yomwe adalekezera ilipo, adakhala pansi pa simenti osanena kanthu kwa nthawi ndithu. Mayi a kunyumba ndiwo adamudzutsa kuti adye nsima.

Zotsalazo zidali zachidule. Tidatsitsa driver wa RST patsamba la kampani yomwe idapanga laputopuyo, pofufuza ndi nambala ya mtundu wake yomwe imalembedwa kunsi. Fayiloyo imabwera yomangidwa pamodzi, ndiye iyenera kumasulidwa kaye kuti timafayilo tothera ndi .inf tioneke, kenaka n'kukopera foda yonseyo pa fulashi. Patsamba lopanda kanthu lija pali mawu akuti Load driver. Mukadina pamenepo n'kuloza foda ija, disiki imatulukira. Bandulo yomwe tidawononga siyikadakwana n'kuonera mpira wa theka la ola.

Pali njira ina yomwe amisiri ambiri amaikonda poti siyifuna intaneti: kuzimitsa VMD mu BIOS, kapena kusankha AHCI pomwe palembedwa RAID kaya RST. Imagwira ntchito, ndipo pa makina ena pulogalamu yoikira Ubuntu imachita kukuuzani yokha kuti muyambe mwazimitsa RST. Koma apa mpofunika kusamala. Windows yomwe idaikidwa VMD ili yoyatsa, mukaizimitsa imakana kudzuka, imangoonetsa sikirini yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Ena akaona zimenezi amati aononga makina, chikhalirecho mukabwezera momwe zidalili imadzuka. Chinanso ndi BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amabwera disiki ili yokhomedwa mwini wake asakudziwa, ndipo kusintha zina mu BIOS kungachititse kuti akufunseni kiyi ya manambala 48. Kiyiyo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya yemwe adayamba kugwiritsa ntchito makinawo. Ngati laputopu mudagula kwa munthu ndipo simudaikemo Windows yanuyanu, fufuzani nkhani ya kiyiyi lero makina akadali bwino, muilembe m'kope.

Sindikunena kuti madisiki safa. Amafa ndithu. Disiki yakale ija yozungulira ikayamba kulira kuti tcha, tcha, tcha, izimitseni pompo, chifukwa kuiyatsayatsa kumangowonjezera mabala. Ngati BIOS siyikuiona paliponse, mmisiri atsegule aone ngati siyidasukusike polumikizira, zomwe zimachitika laputopu ikagwa kapena ikamagwedezeka tsiku ndi tsiku pa kabaza. Kwa amene agula disiki yatsopano ya M.2 koma siyikuoneka, dziwani kuti ilipo mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ya SATA ndi ya NVMe, ndipo si laputopu iliyonse yomwe imalandira yonse iwiri.

Pali uthenga winanso womwe anthu amausokoneza ndi uwu. Disiki imaoneka, koma Windows n'kukana kuikidwapo ponena za GPT kapena MBR. Amenewo ndi makonzedwe a momwe disiki idagawidwira, ndipo nthawi zambiri zimatengera ngati fulashi mwaiyatsa mwa njira ya UEFI kapena yakale ija. Mankhwala omwe achinyamata amawapeza pa YouTube ndi kudina Shift ndi F10, kulemba diskpart, kenaka clean. Amachizadi, koma clean imafafaniza magawo onse a disikiyo m'kamphindi, osafunsa kawiri. Mukaona mmisiri akulemba mawu amenewa pa makina anu musanakopere mafayilo, mugwireni dzanja. Paja safunsa adadya phula.

Amisiri athu sindikuwatcha akuba. Ambiri ndi anyamata olimbikira omwe adaphunzira ntchito poyang'anitsitsa anzawo, pa makina akale omwe sadali ndi VMD, ndipo fulashi yomwe amaikira Windows ndi yomwe ija ya zaka zitatu zapitazo. Akaona bokosi lopanda kanthu amanena zomwe akukhulupirira. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi choti disiki "yakufa" izitsala pashopu. Ngati ili yamoyo, mawa igulitsidwa kwa wina. Ndipo m'menemo muli zithunzi za ana anu, chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika, makalata a kubanki ndi mapasiwedi omwe adasungidwa mu Chrome.

Choncho ngakhale mutavomera kugula yatsopano, yakaleyo muitenge m'manja mwanu musanatuluke pashopupo. Pali timabokosi tolowetsamo disiki n'kuisomeka pa USB ngati fulashi, timapezeka m'mashopu a zamakompyuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Pogula munyamule disikiyo, wogulitsa aone ngati ndi ya SATA kapena ya NVMe, kenaka mukaiyese pa kompyuta ya mnzanu.