Ku Cape Maclear ndi ana atatu: katundu akwana bwanji m'galimoto?

Cape Maclear ili kumapeto kwa chigawo cha Nankumba m'boma la Mangochi, pomwe mapiri amatsikira m'nyanja. Anthu akumeneko amangoti ku Chembe, potengera dzina la mudzi waukulu wa asodzi umene uli pagombe. Kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita oposa 250, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Mukatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay mumakhotera kumanzere, n'kuyenda makilomita ena pafupifupi 18 pamsewu wokhotakhota wa m'mapiri. Banja lathu limakonda kupita kumeneko masukulu akatsekera, ndipo timagona m'tenti chifukwa ndi yotsika mtengo kusiyana ndi zipinda zolipira. Koma chisangalalo chonsecho chimayambira pafunso limene makolo ambiri amalidziwa kuchokera pamaulendo a kumsonkhano wa misasa: anthu ndi katundu akwana bwanji m'galimoto imodzi?

Yathu ndi Toyota Sienta, ya mipando 7. Tilipo makolo awiri, ana atatu ndi agogo awo. Poiona kunja imaoneka yaikulu, koma mukadzutsa mipando yakumbuyo malo a katundu amatsala ochepa zedi. Timipando ta ana awiri aang'ono timatenga mzere wapakati. Wamkulu amakhala kumbuyo ndi agogo. Pamenepo m'buti mumangokwana zikwama zochepa.

Apa m'pamene yesero limabwera: kupinda mpando umodzi, kudzazapo katundu, mwana wamng'ono n'kukhala pamiyendo ya mayi ake. Kwathu zimenezi n'zoletsedwa. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, palibe mkono umene ungagwire mwana, ngakhale wa mayi womukonda chotani. Pamsewu wa Liwonde kupita ku Mangochi pamadutsa mbuzi, njinga za kabaza ndi ana a sukulu, ndipo woyendetsa amaponda buleki nthawi iliyonse. Choncho timayamba taika anthu, aliyense pampando pake ndi lamba wake. Malo otsalawo ndiye a katundu, ndipo chimene sichikwana chimatsala pakhomo.

Lachitatu madzulo timayala mphasa pabwalo n'kuikapo zonse zimene tikufuna kutenga. Kenako timazigawa milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zoteteza moyo: maneti a udzudzu, bokosi la mankhwala, mapaketi a Thanzi ORS, mankhwala othira m'madzi akumwa, tochi, zipewa za ana, thayala lapadera, jeke ndi sipanala. Mulu umenewu sukambirana. Wachiwiri ndi wa zogonera ndi zophikira: tenti, zofunda, mapoto awiri olowetsana, mthiko, chipande, mbale ndi makapu. Wachitatu ndi wa zimene zikanakhala bwino kukhala nazo, monga mipando yopinda, zidole ndi nsapato zapadera. Mulu wachitatuwu nthawi zambiri umabwerera m'nyumba. Mwana aliyense amaloledwa chidole chimodzi chokha, ndipo akaona mchenga ngakhale chimenecho amachiiwala.

Malo ambiri timawapeza posiya zinthu zimene zimagulidwa kutsogolo. Tomato, anyezi, nthochi ndi masamba zimapezeka ku Mangochi ndi ku Monkey Bay. Nsomba zili pagombe pomwepo. Timagula chambo, utaka kapena usipa, zimene zili ndi mamba, ndipo ana amaphunzira ndi maso chifukwa chake kampango ndi mlamba timazisiya, monga mwa Levitiko 11. Kunyumba timangotenga ufa wokwanira masiku atatu, nyemba, nsinjiro, mtedza wokazinga ndi chigumu. Madzi nawo amalemera kuposa mmene timaganizira. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti chigubu cha malita 20 chimafanana ndi mwana wina m'galimoto. Timanyamula okwanira pamsewu okha, ndipo chigubu chachikulu chimayenda chopanda kanthu, n'kukadzazidwa tikafika, madziwo n'kuwathira mankhwala kapena kuwawiritsa.

Masutikesi olimba amasiya mipata imene simungaikemo kanthu. Zikwama zofewa zimalowa pena paliponse. Zovala timazikulunga m'malo mozipinda, za tsiku lililonse m'kathumba kake, kuti tisamapasule chikwama chonse pofuna malaya a mwana mmodzi. Makapu ndi sipuni zimalowa m'mapoto. Chitenje chimodzi chimagwira ntchito zinayi: kubereka mwana, kumupukuta, kumutchingira dzuwa, ndi kuyala pansi podyera.

Kalongedzedwe kake kalinso ndi nzeru yake. Zolemera zimakhala pansi, zogunda kumsana kwa mpando, kuti galimoto isapepukire kutsogolo. Zopepuka zimabwera pamwamba, koma zisapitirire msinkhu wa mipando, chifukwa woyendetsa ayenera kuona kumbuyo, komanso poto wosamangidwa amasanduka mwala pangozi. Pakariya ya padenga timaika tenti, matiresi ndi zofunda zokha, zokutidwa ndi lona ndi kumangidwa ndi zingwe zolimba. Katundu wolemera padenga amachititsa galimoto kupendekeka pokhota, ndipo msewu wolowera ku Chembe uli ndi makona ndi zitunda zambiri. Buku la galimoto limanena malire a kulemera kumene ingasenze, ndipo kachikwangwani kapachitseko cha woyendetsa kamasonyeza mpweya woyenera m'matayala galimoto ikadzaza. Petulo wa m'chigubu salowa mmene muli ana. Chikwama chimodzi chaching'ono chimakhala pafupi ndi mayi, chokhala ndi matewera, madzi, zipatso ndi zovala zosinthira, kuti tisatsegule buti pamsewu. Pakatha maola awiri timaima, ana n'kutambasula miyendo, bambo n'kumayang'ana zingwe za padenga.

Timanyamuka Lachisanu m'mamawa kuti Sabata lisatipeze panjira. Tikawoloka Shire pa Liwonde mpweya umasintha, kumayamba kutentha, ndipo malambe amachuluka. Pamsewu womaliza uja ana amawerenga anyani okhala pamiyala, ndipo timaima pa Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope. Kenako msewu umatsika, nyanja n'kuonekera mwadzidzidzi, yobiriwira ngati thambo, chilumba cha Thumbi chitakhala patsogolo ndi Domwe chakumanja.

Masana onse a Lachisanu ndi okhoma tenti, kumanga maneti ndi kuphika nyemba za mawa. M'mwezi wa Ogasiti dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo pa Chembe limalowera kunyanja. Timatsegula Sabata titakhala pamchenga, madzi atafiira, mabwato a asodzi akukonzekera kulowa. Usiku nyali zawo zimandanda pamadzi ngati mudzi wina. Mphepo ya mwera ikaomba kumazizira, koma mbaula ya makala silowa m'tenti ngakhale pang'ono. Utsi wake wosaoneka ndi wosanunkha umapha anthu ali m'tulo. Zofunda zija n'zimene zimagwira ntchito.

Sabata masana timayenda pang'onopang'ono kupita chaku Otter Point, m'dera la Lake Malawi National Park. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Mwana akaima pamwala amaona mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zikusambira pansi pake. Phunziro la chilengedwe limadziphunzitsa lokha.

Chapafupi pali manda a amishonale a Livingstonia. Anafika kuno mu 1875 pa sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali mmodzi wa iwo, koma malungo anawavutitsa mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Tikaima pamandapo timauza ana kuti udzudzu umene unagonjetsa akuluakulu amenewa udakalipo, n'chifukwa chake neti imapeza malo m'galimoto mpando wopinda usanawapeze. Timawauzanso za likodzo, limene limafala kudzera m'nkhono za m'madzi ndipo ndi lodziwika m'dera lino. Sitisambira m'mabango kapena pafupi ndi pochapira, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu tonse timakayezetsa kuchipatala. Mwana akatentha thupi tikabwerako, timapita naye tsiku lomwelo n'kuuza adokotala kuti tinali kunyanja.

Lamlungu m'mawa ufa watha, chigubu chakhuthulidwa, ndipo mpata wake umalandira thumba la usipa wouma wa achibale ndi anansi. Tenti timaiyanika kaye kuti isachite nguwi, zinyalala zathu timazinyamula, ndipo ana amasesa mchenga m'zikwama zawo. Agogo amati tsiku lina tidzagule galimoto yaikulu. Mwina zidzatheka. Pakadali pano masiku atatu aja atikwanira ndi mapoto awiri, tenti imodzi ndi maneti atatu, ndipo aliyense wafika kwawo atamanga lamba pampando wake.