Mmene ndinagulira Probox ya mlimi wa fodya ku Santhe

Abale anga a pagulu pano, ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox za Probox yoyera imene mwayamba kuiona pa doko, kuti ndinaipeza kuti komanso pa zingati. M'malo moyankha mmodzimmodzi ndalemba kamodzi. Ndi yaitali, pepani bundle, koma amene mukusunga ndalama ya galimoto yoyamba werengani mpaka pansi.

Poyamba ndinkafuna kuitanitsa ku Japan ngati anzathu ena, ibwere pa Dar es Salaam ndi kulowera pa Songwe. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa galimoto, wa sitima ndi msonkho wa MRA zonse zinathawa ndalama yanga. Inatsala njira imodzi basi, kugula kwa munthu konkuno.

Ndalamayo inali ya zaka 3 ndikukonza ma Yamaha a asodzi kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, kuphatikiza ya boti limodzi limene bambo anagulitsa kuti andiwonjezere. Anati galimoto izinyamula usipa wathu kupita nawo tokha ku msika, tisiye kugulitsa motaya pa mchenga. Ndiye mukuona kuti ikanakhala galimoto yowola, boti la bambo likanamira pamtunda.

Ife kunyanja timadziwa kuti usipa umatchipa ukachuluka. Galimoto nazonso zili ndi nyengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, alimi a ku Kasungu akagulitsa mabelo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, amagula malata, njinga zamoto ndi galimoto. Nthawi imeneyo musapiteko, mitengo imakhala kumwamba. Koma pofika Okutobala, mbande zili pa nazale, feteleza akufunika, aganyu akudikira malipiro, galimoto zomwe zija zimayamba kufuna ogula. Msuweni wanga amene amaphunzitsa kufupi ndi Santhe atandiuza kuti madala ena akugulitsa Probox, ndinakwera pa M18 kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka ku Kasungu, kenako msewu wopita ku Mchinji.

Ndinawapempha pa foni kuti asailize ndisanafike, ndipo ndinagona kwa msuweni kuti ndifike m'mamawa. Injini yotentha imabisa matenda, kaya ndi ya boti kaya ya galimoto. Nditafika ndinapeza aitsuka mpaka matayala akuwala, ili pafupi ndi chigafa. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndiye ndinapereka moni, ndinamwa madzi, kenako ndinatsegula boneti ndi kugwira injini ndi dzanja. Inali yozizira. Madalawo anasunga mawu awo, ndipo apa ndinayamba kuwalemekeza.

Ndinatsegula chotsekera oyilo ndi kuyang'ana kunsi kwake. Mukaona zoyera ngati chambiko, madzi akulowa mu oyilo, gasket yapita kapena head yang'aluka. Panalibe. Ndinasolola dipstick: oyilo wakuda koma wosanunkha kupsa, wopanda tizitsulo. Mu radiator munali madzi wamba a pa mjigo, ofiirira ndi dzimbiri pang'ono. Air filter inali yodzaza fumbi lofiira la ku Kasungu. Ndinatembenuza kiyi osaliza kuti ndione ngati nyali ya check engine ikuyaka, chifukwa ena amachotsa babu kuti vuto lisaoneke. Inayaka, ndipo injini italira inazima yokha.

Kenako ndinaima kumbuyo kuona utsi. Ife a two stroke tinazolowera utsi wa buluu chifukwa timasakaniza oyilo ndi petulo, koma pa galimoto utsi wa buluu ndiye kuti ikudya oyilo. Woyera wosatha ndi madzi, wakuda ndi mafuta ochuluka. Iyi inatulutsa kanthunzi ka m'mawa basi n'kusiya. Ndinatulutsa compression tester yanga ya kunyanja ndi kuchotsa mapulagi onse 4. Masilinda onse anawerenga moyandikana. Injini yake ndi 1NZ ya 1.5 lita, imayendera tcheni osati lamba, ndipo tchenicho sichinkachita phokoso.

Mavuto anali kunsi. Ndinayala thumba la feteleza n'kugona pansi. Ma shock a kumbuyo onse awiri anali onyowa ndi oyilo, galimoto yakhalira kumbuyo ngati boti lodzaza makoka. Palibe chodabwitsa, yanyamula mabelo ndi matumba m'misewu ya fumbi. Rabala ya CV joint ya kumanzere inali yong'ambika. Dzimbiri linalipo lochepa, chassis yosawotcherera paliponse. Pa tayala pamakhala manambala 4 osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Awiri a kutsogolo analemba 2319, kutanthauza sabata ya 23 mu 2019, okalamba ngakhale mapanga ake ankaoneka bwino. Mileji sindiikhulupirira kwenikweni, ndimaona mmene mapedulo ndi chiwongolero zaperesekera.

Poyesa ndinayendetsa ndekha, wailesi yozimitsa. Pa tala ndinamvera magiya onse ndi mabuleki ngati sikukokera mbali imodzi. Pa fumbi ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo kunamveka kuti ta ta ta kumanzere kuja.

Tinakhala pa mkeka. Madala anati K9,500,000. Ine sindinanyoze galimoto yawo. Ndinalemba papepala ma shock awiri, CV joint, matayala awiri, kutsuka radiator ndi service, chilichonse ndi mtengo wake wa ku Lilongwe, n'kuwapatsa kuti awerenge okha. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana wanga, sikuti yandikwana galimotoyi. Feteleza ndi amene wandigwira pakhosi. Mvula ikandipeza ndilibe, chaka chonse chapita."

Apa ndinadziwa kuti ndikanena K7,500,000 n'kuimirira ngati ndikupita, andiitana. Ndinapita kuseri kwa chigafa kuimbira bambo. Anandiyankha kuti, "Ukukumbuka mmene amatichitira ogula nsomba zikachuluka, dzuwa likuswa, ife tilibe ayisi? Chotsa za zowonongekazo basi. Usamufinye munthu chifukwa waona kuti wapanikizika." Ndinabwerera pa mkeka, ndipo tinagwirizana K8,600,000.

Ndiye ndinapempha blue book. Nambala ya chassis inafanana ndi ya pa galimoto, ya injini chimodzimodzi, COF ndi inshuwalansi zinali zisanathe. Koma dzina la mwini silinali limene lili pa chitupa cha unzika cha madalawo. Anagula kwa bambo wina wa ku Lilongwe, anangolemberana kalata, osasintha umwini. Iwo sankaona vuto, anati, "Zaka zonsezi ndayenda nayo, apolisi sanandigwirepo."

Abale, apa ndi pamene anthu ambiri amalirira. Ku Road Traffic mwini galimoto ndi amene ali mu kompyuta, kalata ya pa mkeka siisintha zimenezo. Ngati munthuyo anaikita galimotoyo chikole cha ngongole, kapena anamwalira abale ake n'kuyamba kuilondola, inu mumatsala ndi kiyi basi. Ndinawauza mwaulemu kuti, "Bambo, ndalama ilipo ndipo sindigula kwina, koma ituluka tsiku limene mwini dzinali tidzaime naye limodzi ku Road Traffic." Nkhope yawo inagwa. Mwana wawo wamkulu anakwiya, anati ndabwera kudzawataitsa nthawi, pali wina wa ku Kasungu boma amene angapereke kashi lero lomwe. Mwina analipodi. Ndinabwerera ku Nkhotakota wopanda galimoto, mtima uli m'mwamba sabata yathunthu.

Tsiku la 8 madala anaimba okha. Anamupeza munthu uja, ali moyo ndipo wavomera. Tinakumana atatu ku Lilongwe, aliyense ndi chitupa chake. Madobadoba anatizungulira pa geti kuti atithandize mwachangu, ife tinaima pa mzere tokha. Zonse zitatheka tinalowa mu banki, ndalama inachoka mu akaunti yanga kupita mu yawo onse tikuona, tinasainirana kalata pamaso pa mboni ziwiri. Musayende ndi mamiliyoni m'chikwama pa minibasi, chonde.

Pano ma shock, CV joint ndi matayala ndasintha. Yapita kale maulendo 6 ku Kasungu ndi usipa wa bambo, ndipo paulendo wachitatu ndinadutsa ku Santhe kukawasiyira madala aja ndowa imodzi. Ndinapeza fodya wawo ataokera, feteleza woyamba atathira.

Amene mwapeza galimoto yoti mugule ndipo mukufuna ndikuperekezeni ndi compression tester, mundilipirire transport basi, koma muuzeni wogulitsayo asailize tisanafike, ndipo ajambule blue book atumize pa WhatsApp tisanakwere. Tumizani uthengawu kwa anzanu a ku madoko ena.