Lilime la agogo anga

Ndili Folomu 2 ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiluma mumtima. Ndinawaseka agogo anga aamuna pamaso pa mlendo.

Linali Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi kwathu ku Dowa. Mlendoyo anafunsa kuti kodi zilembo za CCAP zimaimira chiyani, poti anthu akale kumeneko ankangoti mpingo wa Dachi, pokumbukira amishoni amene anafika pa Mvera mu 1889. Agogo, amene anali mkulu wa mpingo ine ndisanabadwe, anakonza pakhosi nayamba bwinobwino. Atafika pa P anati, "Pulesibiteliyani."

Ine ndiye kuseka kwake, mpaka misozi. "Agogo, si choncho ayi!" Ndinawalongosolera monga ankanenera aphunzitsi athu a Chingelezi: pakati pa P ndi R palibe U, S amamveka ngati Z, ndipo mphamvu imagwera pa "ti". Agogo anangoti, "Zikomo aphunzitsi," natenga chipewa chawo n'kulowera kudimba. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso liwulo ine ndilipo.

Patapita zaka, ndikugwira ntchito ku Blantyre, ndinagula dikishonale yothaitha kwa mavenda ku Limbe, ija yosonyeza kumene liwu lililonse linachokera. Usiku ndinkafufuzamo mayina a mipingo. Ndinaona kuti Azungu amaika chizindikiro kumchira kwa liwu: -ist kapena -ian ndiye munthu, monga Baptist ndi Christian, pamene -ism ndiye chiphunzitso chake. Ife timaika kumutu: Mkatolika, Akatolika, Chikatolika, Msilamu, Asilamu, Chisilamu. Nzeru yake ndi imodzi, kungosiyana mbali basi.

Chinandidabwitsa n'chakuti ambiri mwa mayinawa si Chingelezi n'komwe. Catholic ndi Chigiriki, kutanthauza chinthu cha ponseponse. Pentecostal achokera ku liwu la Chigiriki lonena tsiku la nambala 50. Adventist ndi Chilatini, kunena za kubwera, ndiye kuti anthu odikira kubweranso kwa Yesu. Ngakhale katchulidwe kamene ndinkanyadira kaja sikakhazikika: mu Catholic mphamvu ili pa "ka", koma mu Catholicism yathawira pa "tho".

Kenaka ndinatsegula pa P. Presbyterian: kuchokera ku Chigiriki, presbyteros, kutanthauza wamkulu. Ndiye kuti mpingo woyendetsedwa ndi akulu a mpingo, osati mabishopu. Ndinaika buku pansi. Abale inu, munthu amene ndinamuseka chifukwa cha liwuli ndiye anali mwini wake wa liwulo! Ine ndinkadziwa kuliyendetsa pa lilime. Iwo ankaliyendetsa ndi miyendo, kuchezera odwala, kuyanjanitsa mabanja, kukhala m'bwalo la mpingo mpaka dzuwa kulowa.

Sizinathere pomwepo. Dikishonale yomweyo inati liwu loti priest, wansembe, linachokeranso kwa presbyteros yemweyo. Angelezi akale atalemedwa nalo analidula mpaka kutsala kachidutswa. Nalonso bishop linali episkopos, woyang'anira. Analidula kumutu ndi kumchira komwe. Ndiye taonani: Mngelezi akapinda liwu la eni kuti likwane m'kamwa mwake timati ndi Chingelezi chabwino, koma agogo akapinda lomwelo timati umbuli. Chikhalirecho agogo sanatayepo kanthu. Anangowonjezera mavawelo, poti Chichewa chimafuna phatikizo lililonse lithere pa vawelo. Mpake timati sukulu, buledi, sitolo, ndipo palibe amaseka.

Sindikunena kuti ana asaphunzire katchulidwe koyenera, iyayi. Pa intavyu ya ntchito kamathandiza. Koma kusukulu anatiphunzitsa phokoso la mawu, tanthauzo n'kulisiya panja, ndipo tinabwerera kumudzi ndi mwano m'malo mwa nzeru.

Agogo anatisiya ndisanawapepese. Ndinkati ndidzawauza pa Khirisimasi, kenaka ndinkati pa Isitala, mpaka uthenga wa maliro unandipeza kuofesi.

Tsopano mwana wanga wamkazi ali ku sekondale. Tsiku lina ndikuwerenga nyuzi mokweza anandidula: "Adadi, satero ayi!" Ndinamva kutentha kumaso, ndipo ndinadziwa chimene chinawatengera agogo kudimba tsiku lija. Koma ine sindinatenge chipewa. Ndinamuuza kuti atchule yekha, ndipo anatchuladi bwino kuposa ine. Kenaka ndinamutuma kukatenga dikishonale ija pamwamba pa kabati.